Mutu 6: Zenera la Pafupi ndi Madzi

1. Mkaka

Tsiku limenelo kunacha kopanda mphepo. Nyanja inali phee ngati aithira mafuta, ndipo mbendera za padoko la Galle zinangoti lende. Mu Januwale m'mawa wotero sukhalitsa. Dzuwa likapendeka, mphepo imadzuka.

Linali Lachinayi, tsiku loti boti latsopano la bwana Alwis likhudze madzi. Linali boti la mimba ziwiri, loyenda ndi matanga. Mimbazo zimayandama moyandikana, ndipo pakati pake pamakhala nyumba yolenjekeka pamwamba pa madzi. Ine, Wimalasiri, anandilemba ntchito yoliwolotsa mpaka ku Seychelles, ulendo wa masabata awiri osaona mtunda. Tinkayembekezera kunyamuka Lamulungu.

Mwana wanga Imalka anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anali atagwira ntchito chaka chathunthu pamalo okhomera maboti, mtsikana yekhayekha pakati pa amuna. Bwana Alwis anavomera kuti apite nafe. Chikwama chake anali atalongedza kale sabata yathayo, ndipo chinkadikira pakhomo pa chipinda chake.

Lolemba, mmisiri wamkulu, agogo Siyadoris, anamupatsa ntchito yoyamba yochita yekha, yoika zenera lothawirapo. Zenerali limakhala m'mimba ya kumanzere, pansi pa nyumba ija, chikhatho chimodzi chokha pamwamba pa madzi. Boti likagadabuka, anthu amatulukira pamenepo. Ndinalipo pamene ankamulangiza.

"Tamvera, mdzukulu. Boti lonseli talimanga kuti madzi asalowe, koma apa tabowola dala. Usamati zenera. Ili ndi bowo. Upake guluu mozungulira monse, osasiya ngakhale polowa tsitsi. Mabawuti umange ndi dzanja lokha, pang'ono chabe, kuti guluu asafinyike. Ukatero ulisiye masiku atatu athunthu. Ndati atatu, osati awiri ndi theka. Guluu akauma, ndiye umange ndi sipanala, mnzako atagwirira kunja. Ukathamangira, m'doko muno lidzaoneka bwinobwino, ndipo lidzakunamiza. Koma kunja uko madzi amagogoda pamalo amodzi tsiku lonse, mawa lakenso, mkuja wakenso. Satopa ayi."

Madzulo a tsikulo atamufunsa, Imalka anati, "Ndaika, agogo." Tonse tinaliona zeneralo lili pamalo pake.

Wowerenga nyenyezi anali atapereka nthawi yabwino, 6:42 m'mawa. Mlongo wanga Somalatha, amene wandithandiza kulera Imalka chimwalirireni amake, anasonkha moto kutsogolo kwa boti nateleka mkaka mu mphika wadothi watsopano. Anthu onse anali chete, kudikira kuti usefukire.

Imalka anandikoka malaya.

"Bambo, pali kanthu pabotipo. Sikali bwino."

Somalatha anamumva. "Iwe! Pakamwa pakopo! Mkaka uli pamoto iwe n'kumatchula zosakhala bwino? Ukufuna ulitsirike tsoka boti la eni ake? Lero ndi tsiku la mawu abwino okhaokha. Ima apo, uyang'ane kum'mawa!"

Ine ndinati, "Pambuyo pake."

Mkaka unasefukira. Makombola analira, anthu anaomba m'manja, boti linatsetserekera m'madzi. Tinadya mpunga wophikira mkaka ndi tsabola wosinja.

Pambuyo pake sindinamufunse.

2. Kuyesa

Bwana Alwis anafuna kuti tiliyese tsiku lomwelo, poti linali tsiku labwino. Tinatuluka m'doko chakumasana tili asanu: ine, Imalka, agogo Siyadoris, bwana Alwis, ndi Sudath woyang'anira injini.

Kuyesa boti kuli ndi ndondomeko yake. Tinayendetsa injini iliyonse payokha. Tinabwerera cham'mbuyo. Tinaponya nangula n'kumuzula. Kenako tinakweza matanga n'kuzimitsa injini. Zingwe zinali m'manja mwa Imalka. Sanalakwitse chilichonse, koma sanalankhulenso chilichonse.

"Kodi amalinyero athu adya chiyani lero?" anatero Sudath. "Nkhope ngati papaya wosapsa. Linga lakale la Galle tikuliona lija, iwe wawasowa kale azakhali?"

"Ndisiyeni, achimwene."

"Ku Seychelles kulibe basi yobwerera, mayi. Ngati ukutsika, tsika lero."

Mphepo inayamba. Matanga anadzaza, boti linathamanga. Bwana Alwis anaika kapu ya tiyi patebulo n'kuisiya.

"Kaputeni, taonani! Siikusuntha n'komwe. Ndiye mayi a kunyumba amaopa chiyani? Pano ndi pabalaza penipeni!"

Agogo Siyadoris anapukusa mutu.

"Bwana, chikukusangalatsanicho ndi chimene ine chikundiopsa. Ngalawa zimene tinakulira zinkapendama. Mphepo ikakula, ngalawa inkakuuza yokha. Tinkatuma munthu mmodzi kukaima pamtanda wotuluka m'mbali kuti isagadabuke, ikakulabe tinkatuma wachiwiri, wachitatu akapita tinkadziwa kuti basi, tiyeni kwathu. Ili silipendama. Limangothamanga lili chilili, tiyi ali m'kapu, mpaka china chake chithyoke. Ndiye paboti lotere maso ndi makutu ndife. Wamva kulira kwachilendo, anene. Wamva fungo, anene. Waona dontho, anene. Likapezeka kuti ndi thukuta lake lomwe, tiseka tonse. Ine ndaika m'manda anthu asanu ndi mmodzi a panyanja. Awiri mwa iwo tinaika malaya awo okha."

"Agogo, lero ndi tsiku labwino," anatero bwana Alwis. "Za maliro tisiye."

Mafunde anakula. Anayamba kumenya pansi pa nyumba, pakati pa mimba ziwiri zija, gu! gu! Ine ndinkafuna zimenezo. Boti loti liwoloke nyanja liyenera kumenyedwa likadali pafupi ndi kwawo. Ndinalilozetsa kunja, molimbana ndi mafunde. Linga linazimirira. Mtunda unasanduka kamzere.

3. Thaulo

Imalka anatsikira m'mimba ya kumanzere. Anatuluka, anagwira chingwe, n'kutsikanso. Ulendo wachitatu anatenga thaulo.

"Zayambika!" anafuula Sudath. "Lero nsomba zidya mpunga wa azakhali."

Inenso ndinaganiza zomwezo. Amake ankachita chizungulire ngakhale m'basi. Ndinayang'ana kumbali kuti mwanayo asachite manyazi.

Ulendo wachinayi anatuluka mawondo atanyowa. Anapita kumbuyo kwa boti, anatifulatira, n'kufinya thaulo lija. Madzi anali ambiri. 

Bwana Alwis anatulutsa foni.

"Imalka, tabwera ugwire chiwongolero ndikujambule. Ndikawaonetse ana anga aulesi aja mtsikana amene awoloke nyanja Lamulungu. Bwera, usachite manyazi."

Anabwera. Chiwongolero sanachigwire. Anaika thaulo lonyowa patebulo, pafupi ndi kapu.

"Bambo, zenera likulowa madzi."



"Likulowa bwanji?" anafunsa agogo Siyadoris. "Lagona masiku atatu."

"Lagona usiku umodzi, agogo." Imalka anapitiriza. "Lolemba ndinapeza guluu atauma m'chubu. Ndinaiwala kutseka ndine, sabata yatha. Ndinaopa kunena. Ndinangoimika zenera lopanda guluu kuti muziliona. Guluu wina ndinaitanitsa ku Colombo, anafika dzulo masana, ndiye ndapaka dzulo. Mabawuti onse ndi a dzanja. Sipanala sinafikepo."

Funde lina linamenya pansi pathu. Aliyense analimva mosiyana ndi kale.

"Sudath, gwira apa," ndinatero. Ndinatsika.

4. Bowo

M'mimba ya kumanzere madzi anali m'mapazi. Ndinagwada pazenera.

Funde likafika, galasi lonse linkasanduka lobiriwira ndipo m'chipindamo munkada. Felemu ya zeneralo inkalowa m'kati pang'ono n'kubwerera, ngati chifuwa cha munthu wogona. Guluu wakuda ankatuluka m'mbali ngati phala. Kumunsi kwake madzi ankathovoka ngati m'paipi yong'ambika.

Ndinayesa bawuti imodzi ndi sipanala. Inangozungulira. Panalibe wogwirira kunja, ndipo palibe munthu akadalowa pansi pa boti m'mafunde amenewo n'kutulukamo wamoyo.

Zeneralo ndi lalikulu moti munthu wamkulu amatulukirapo. Pamene pangadutse munthu, nyanja imalowa mofulumira kuposa pampu iliyonse. Ndipo tinali kutali.

Ndinakwera pamwamba.

"Nonse valani majekete oyandamitsa. Thanga lalikulu pansi. Sudath, injini ndi pampu."

Bwana Alwis anavala jekete motembenuza. "Kaputeni, tikumira? Ndiuzeni zoona, tikumira?"

"Sitinayambe."

Ngalawa yakale tikadaipendeketsa kuti bowo likwere m'mwamba. Ili silikadalola. Chinatsala ndi kutembenuka kuti mafunde azichokera kumbuyo. Koma potembenuka pali kamphindi kamene amamenya m'mbali.

Tinatsikiranso m'mimba muja. Agogo Siyadoris anazula thabwa la pansi n'kutenga mtsamiro. Anaika mtsamiro pazenera, thabwa pamwamba pake.

"Pakufunika munthu atsamire khoma ili, akankhe thabwa ndi mapazi. Osapumula mpaka kudoko."

"Ndikhala ine," anatero Imalka.

"Ayi!" anakuwa bwana Alwis. "Mwana ameneyu wachita zokwanira lero!"

"Miyendo yake ndiyo ikwana pamenepa," anatero agogo. "Inu ndi mimba yanuyo simulowa, bwana. Tengani ndowa."

Imalka anakhala m'madzimo, msana kukhoma, mapazi pathabwa. Zenera likadachoka, nyanja ikadayambira pa iye. Ndinamuyang'ana.

"Likachoka, usalimbane nalo. Uthawire pamwamba."

"Ndamva, bambo."

"Bwereza."

"Likachoka ndithawire pamwamba."

Ndinabwerera pachiwongolero. Ndinadikira mafunde atatu aakulu adutse. Ndinatembenuza.

Boti lili pakati potembenuka, funde lomwe sindinaliwerenge linatimenya m'mbali. Kapu ija inagwa n'kusweka. Pansi panamveka kukuwa, kenako zii.

"Imalka!"

Chiwongolero sindikadachisiya. Ndikadachisiya, tikadapita tonse.

"Imalka!"

"Alipo!" Anali mawu a agogo. "Wamenya mutu basi. Pitirizani, Wimale, pitirizani!"

Ndinamaliza kutembenuza. 

Ulendo wotuluka unatitengera ola limodzi. Wobwerera unatitengera maola awiri ndi theka, chifukwa ndikathamangitsa pang'ono madzi ankawonjezeka. Pampu inatsekeka kawiri ndi utuchi umene umatsala m'boti latsopano. Sudath ankaitokosa ndi waya atagona chafufumimba, akunong'ona mapemphero amene sindinkadziwa kuti amawadziwa. Bwana Alwis ankakapa madzi ndi ndowa, malaya awo oyera a m'mawa aja atamata pathupi. Anasanza kawiri, n'kupitiriza kukapa.

Mphindi zingapo zilizonse ndinkaitana.

"Imalka?"

"Ndilipo, bambo."

Pena mawu ankachedwa kubwera. Sindinafunse china.

Linga linaoneka. Kenako miyala ya pakhomo pa doko. Titalowa, kugogoda kunaleka. Miyendo ya Imalka inakana kuwongoka, ndipo Sudath anamunyamula kukwera naye pamwamba. Pachipumi anali ndi chotupa ngati dzira.

"Amalinyero," anatero Sudath pomukhazika, mawu ali pansipansi. Sanawonjezerepo nthabwala.

5. Padoko

Titamangirira boti, mantha a bwana Alwis anasanduka mkwiyo.

"Unanama! Masiku atatu ukutiyang'ana m'maso! Ukadatipha tonse, ndi bambo ako omwe. Paboti langa sukweranso. Ku Seychelles uiwaleko."

Sanalakwe. Sindinawatsutse.

"Ndamva, bwana," anatero Imalka. "Pepani."

Anapita kwa agogo Siyadoris, anagwada n'kugwira mapazi awo. Apo m'pamene analira.

"Dzuka," anatero agogo. "Dzuka undimve bwino. Unalakwa Lolemba. Osati pa kuumitsa guluu ayi, guluu ndaumitsapo ine kambirimbiri. Unalakwa pamene unati waika. Lachiwiri unalakwanso, Lachitatu chimodzimodzi, chifukwa bodza la pantchito limafuna kulidyetsa tsiku lililonse. Ulendo wakuthawa chifukwa cha zimenezo, ndipo usayembekeze kuti ndikupepesere. Koma tamva izinso. Ukadapitiriza kupukuta ndi thaulo lako, mwina tikadabwera bwinobwino. Guluu akadauma m'doko muno, njira ya madzi ili m'kati mwake. Lamulungu mukadanyamuka mukuimba. Tsiku lachisanu ndi chiwiri, kopanda doko, kopanda wokumvani, zenera likadatseguka. Wataya ulendo, koma anthu asanu adya kwawo lero. Inenso ndili ndi mlandu wanga. Ndinamva mawu ako, sindinaikepo sipanala yanga. Ndipo mkaka akuteleka m'mawa uja, ndinaona ukukoka malaya a bambo ako. Ndinangoti ndi za ana."

Sanandiyang'ane. Panalibe chifukwa. Ndinadziwa gawo langa.

Bwana Alwis anapukuta nkhope.

"Chabwino, zatha. Mawa mumange mabawutiwo ndi sipanala. Lamulungu 5:17 m'mawa tikunyamuka."

"Sizitheka, bwana," anatero agogo. "Madzi amchere alowa m'guluu. Zenera lichoke, tipale zonse, tiumitse, tipakenso. Tikapaka mawa, liuma Lolemba. Lachiwiri tikaliyesenso panyanja."

"Lachiwiri? Nthawi yabwino ndi Lamulungu! Wowerenga nyenyezi wati ikadutsa imeneyi, ina ndi mwezi wa mawa, ndipo mphepo idzakhala itayamba kusintha. Abale anga akubwera kuchokera ku Colombo. Amonke a kukachisi odzadalitsa ulendo ndawaitana kale. Kaputeni, inu mukuti bwanji?"

"Ayi."

"Ayi chiyani?"

"Silinyamuka Lamulungu."

"Boti ndi langa."

"Ndi lanu."

"Ndiye mukundiuza chiyani?"

"Ndanena."

Anatulutsa foni. "Akaputeni alipo ambiri, a Wimalasiri. Ku Mirissa amangokhala pamchenga kudikira foni."

Anatsika n'kuyenda chakugalimoto yawo, foni ili kukhutu. Tinamva akupereka moni kwa kaputeni wina, Bandula. Tonse tinkamudziwa Bandula. Amayenda ndi ana ake aamuna awiri, ndipo sanakanepo boti chibadwire.

Imalka anapukuta misozi ndi mkono.

"Bambo, a Bandula akavomera? Bwana akangowauza kuti ndi mabawuti basi. Akamanga ndi sipanala, liziwoneka bwino."

"Liziwoneka bwino," anavomereza agogo. "Ndikamuuza ndekha, koma Bandula amamva mawu a mwini boti."

Ndinasuzumira pansi pa nyumba. M'doko madzi anali bata, ndipo sankafika pazenera.

"Miyendo ili bwanji?" ndinafunsa.

"Yayamba kumva."

"Kwera kaboti kakang'ono. Ukagwire kunja."

"Timange, bambo?"

"Timasule."

Sudath anatsegula pakamwa. "Kaputeni, bwana akaitana apolisi."

"Aitane. Uwauze kwathu."

Imalka anapalasa kulowa pansi pa boti, sipanala ili m'thumba la malaya. Iye anagwira kunja, ine ndinamasula m'kati, mabawuti onse khumi ndi awiri. Pabowo agogo anatsekapo ndi thabwa lopyapyala, lokwanira mvula ndi madzi a m'doko basi, loti aliyense woliona sangayerekeze kutuluka ndi botilo m'doko.

Ndinakulunga zenera m'thumba la mpunga, ndinaliika paphewa, n'kukwera nalo basi yopita kwathu.